Paki ya ku Birkenhead: mapuloti m'mbali, pakati n'pa aliyense

Ku England kuli tauni yochedwa Birkenhead, tsidya lina la mtsinje wa Mersey, moyang'anana na mzinda wa Liverpool umene okonda mpila amaudziwa bwino. Tauniyi si yochuka kweni-kweni, koma ili na paki imene akatswili a kamangidwe ka mizinda amacokela kutali kukaiona. Inatsegulidwa pa 5 April 1847, Mfumukazi Victoria ali pampando, ndipo ambili amati ndiyo paki yoyamba kumangidwa na akulu-akulu a tauni pa ndalama za anthu, kuti aliyense azilowamo mahala.

Kuti timvetse cifukwa cake anaimanga, tiyambe taona mmene matauni a ku England analili nthawi imeneyo. Mafakitale anali kukoka anthu kucoka ku midzi. Ku Liverpool mabanja ambili osauka anali kugona m'tuzipinda twa pansi pa nyumba, mwacinyontho, mopanda mawindo abwino. Kolela inapha anthu ambili mu 1832. Minda yokongola inaliko ndithu, koma inali ya malodi na a ndalama, yochingidwa na mipanda. Wanchito akakomboka, kopita kunali ku bawa cabe. Mu 1833 komiti ya Nyumba ya Malamulo inafufuza nkhaniyi na kulangiza kuti matauni azikhala na malo oyendamo anthu wamba.

Birkenhead nayo inali kukula mothamanga. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1800 kanali kamudzi ka anthu ocepa, koma banja la Laird litabweletsa nchito yopanga zombo, anthu anaculuka mpaka kupitilila 8,000 pofika mu 1841. Dzina la Laird tisalipitilile msanga: kasitima ka pamadzi ka Ma Robert, kamene David Livingstone anayenda nako pa Zambezi mu 1858, kanapangidwa kumeneko.

Manje apa ndiye pali nzelu imene yanicititsa kulemba nkhaniyi. Mu 1843 Nyumba ya Malamulo inalola akulu a tauniyo kugula malo a paki. Anagula maekala opitilila 200, malo a dambo, amadzi-madzi, osakomela wolima. Pa malowo anapatula maekala pafupi-fupi 125 pakati kuti akhale paki, ndipo a m'mbali anawadula mapuloti n'kugulitsa kwa ofuna kumanga nyumba zapamwamba. Munthu wa ndalama amalipila zambili kuti akatsegula windo m'mawa aziona mitengo na madzi, osati cumuni ca fakitale. Conco paki inakweza mtengo wa mapuloti, ndipo mapulotiwo anathandiza kubweza ndalama zomangila paki. Sikuti zonse zinayenda myaa, cifukwa mapuloti ena sanagulidwe monga anali kuyembekezela. Koma malo a pakati anakhalabe a anthu onse.

Imwe a mu Lusaka, mzinda umene pulani yake ya m'ma 1930 inati udzakhala wa minda na mitengo, mudziwa mmene mawu akuti puloti amamvekela kuno. Mukaona bwalo pamene ana amachaila mpila mu komboni, mtima umakhala m'mwamba kuti mwina mailo mupezapo mabuloko na mcenga. Ku Birkenhead naonso anali kufuna ndalama za mapuloti, sanali angelo iyayi. Iwo anangoona kuti malo osamangidwapo ndiwo amapatsa mtengo malo omangidwapo.

Wojambula pulani anali Joseph Paxton, mwana wa mlimi, amene anayamba nchito ya m'munda ali mnyamata mpaka anakhala mkulu wa minda ya ku Chatsworth. Ni yemweyo amene pambuyo pake anajambula Crystal Palace, cinyumba ca magalasi ca cionetselo ca ku London mu 1851. Nchito ya tsiku na tsiku anaisiya m'manja mwa Edward Kemp, amene anakhala woyang'anila pakiyo zaka pafupi-fupi 40.

Anayamba na kukumba ngalande kuti dambo liume. Kenako anakumba nyanja ziwili zopanga, ndipo dothi na miyala yocokamo sanataye: anaunjika n'kupanga tumapili, n'kubyalapo mitengo. Nyanjazo anazikhotetsa-khotetsa, na tuzilumba pakati, kuti munthu asaone pothela pake, aziganiza kuti ni mtsinje wautali. Woyendamo amaona monga zonse zinamela zokha, koma kaphili kalikonse kanacita kuikidwa na mafosholo na mawilibala.

Za misewu nazo anaziganizila. Ngolo za mahachi za ongoyenda kokasangalala zinali na msewu wake wozungulila paki. Oyenda pansi anali na tunjila twawo mkati. Ongodutsa pa nchito zawo anali na msewu wodula pakati, Ashville Road, umene mpaka lelo umagawa pakiyo pawili. Pa geti yaikulu anamangapo cipata ca miyala cokhala na zipilala, cojambulidwa na Lewis Hornblower. Pa nyanja pali ulalo wa matabwa wofolela, Swiss Bridge, na kanyumba ka maboti kocedwa Roman Boathouse. Tunyumba twa alonda pa mageti ena anatumanga mosiyana-siyana, kena monga ka ku Italy, kena monga kalinga ka mfumu. Kunena zoona ni kusakaniza kodabwitsa, koma anthu a nthawi ya Victoria anali kukonda zaconco.

Mu 1850 kunafika mlimi wacinyamata wa ku America, Frederick Law Olmsted. Analowa mu shopu ya buledi, ndipo mwini wake anamuuza kuti asacoke m'tauni asanaone paki yawo yatsopano. Cimene cinamugwila mtima kwambili n'cakuti olemela na osauka anali kuyenda pamodzi, ndipo mvula itayamba onse anabisala pamalo amodzi. Mu 1858 iye na Calvert Vaux anapambana mpikisano wojambula Central Park ya ku New York, ndipo zambili zimene anaona ku Birkenhead zinalowamo.

Paki ni monga nyumba, ikasowa woisamala imagwa. M'zaka za m'ma 1900 ya ku Birkenhead inafooka, nyanja zinadzala matope, nyumba zina zinawonongeka. Okhala pafupi anapanga gulu loiteteza mu 1976, ndipo m'zaka za m'ma 2000 inakonzedwanso na ndalama zopitilila mapaundi 11 miliyoni, zina zocokela ku thumba la lotale ya dzikolo. Anamanganso nyumba yolandilila alendo, mmene muli pomwela tiyi.

Lelo muli mabwalo a kriketi, a mpila, a tenesi na a ragibi, malo osewelela ana, ndipo owedza nsomba amakhala phee m'mbali mwa nyanja. Pa Ciwelu m'mawa anthu amasonkhana kuthamanga makilomita 5. Siteshoni ya sitima ili pafupi, ndipo pa geti palibe wofunsa tikiti. Mu 2023 boma la Britain linaika pakiyi pa mndandanda wa malo amene lifuna kuti UNESCO iwalandile monga cuma ca dziko lonse lapansi.