Ku Mua ana osamva amapeza chilankhulo, koma kwawo alibe wocheza naye

Munthu akatsika kumapiri a Dedza kudzera mumsewu wokhotakhota wa Khwekhwelere, n'kukhotera kumpoto pa Golomoti, sayenda mtunda wautali asadafike pa Mua. Ambiri amawadziwa malowa kaamba ka mishoni ya Katolika imene ansembe a White Fathers adakhazikitsa mu 1902, chipatala chake, komanso malo osungirako chikhalidwe a Kungoni amene Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976. Pamishoni pomwepo pali sukulu ya ana osamva, imodzi mwa sukulu zochepa za mtunduwu m'dziko muno.

Zinzake ndi Maryview ku Chiradzulu, Mountain View ku Thyolo, Embangweni ku Mzimba, Bandawe ku Nkhata Bay ndi ina ku Karonga. Poti sukuluzi n'zotalikirana chonchi, ana ambiri amagonera komweko ndipo amaonana ndi makolo awo patchuthi pokha. Apa ndi pamene pagona nkhani: chilankhulo chimene mwana amachipeza kusukulu nthawi zambiri sichidziwika kwawo, choncho sukulu ikatsekera amabwerera kumudzi kumene palibe womumvetsa.

Vuto lenileni si khutu

Anthu ambiri amaganiza kuti chomwe mwana wosamva amasowa ndi phokoso chabe. Akatswiri a maphunziro amaona mosiyana. Mwana wakumva amatola chilankhulo ali kumsana kwa mayi ake: amamva akulu akukambirana pamtondo, pachitsime ndi pamaliro, ndipo pofika zaka zitatu amakhala akufunsa mafunso osatha. Palibe amene amamuphunzitsa mwadala. Mwana wosamva zonsezi zimamudutsa. Amaona milomo ikugwedera, anthu akuseka kapena kukwiya, koma chifukwa chake sachidziwa.

Kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana amaonetsa kuti ana osamva oposa 90 mwa 100 alionse amabadwa kwa makolo akumva, amene sadayambe aganizapo zophunzira chilankhulo chamanja. Pabanja amangopangana zizindikiro zochepa zosonyeza kudya, kusamba, kubwera kapena kuleka. Zizindikirozi zimathandiza pantchito zapakhomo, koma sizikwanira kufotokozera mwana chifukwa chimene agogo ake sakuonekanso, kapena kumufunsa chimene chikumuopsa usiku.

Zaka zoyambirira za moyo ndi zimene ubongo umagwira chilankhulo mosavuta. Mwana akazidutsa wopanda chilankhulo chilichonse, chapakamwa kapena chamanja, amadzavutika kuwerenga, kuwerengera ndi kulongosola maganizo ake ngakhale ali wanzeru. N'chifukwa chake mwana wofika kusukulu ali ndi zaka 6 ndi wofika ali ndi zaka 12 amasiyana kutali. Akuluakulu adati kuongola mtengo m'poyamba.

Tsiku la mwana pasukulu yotere

M'sukulu za ana osamva, ntchito yoyamba si masamu kapena Chingerezi. Ana amayamba ndi makalasi okonzekera, momwe amaphunzira kuti chinthu chilichonse chili ndi dzina, ndipo kuti iwonso ali ndi dzina. Pali ana amene amafika osadziwa dzina limene makolo awo adawapatsa, poti sadalimvepo. Anzawo amawapatsa dzina lamanja, lomwe kawirikawiri limachokera pa chinthu chooneka, monga chipsera, kayendedwe kapena kaumbidwe ka nkhope. Dzinali limamukakamira munthu moyo wake wonse pakati pa anthu osamva.

Kalasi nayonso imakonzedwa mosiyana. Mmalo mwa mizere, ana amakhala mozungulira kuti aliyense aziona nkhope ndi manja a mphunzitsi komanso a anzake. Mphunzitsi sangalankhule akulemba pabolodi, chifukwa akangotembenuka phunziro laima. Sayenera kuima chofulatira windo, poti nkhope yake imada ndipo ana saona bwino. Pofuna kuitana mwana amamugwira paphewa, kumukodola ndi dzanja kapena kugogoda tebulo kuti amve kunjenjemera kwake. Mwana sangalembe m'kope uku akutsatira phunziro monga amachitira wakumva, chifukwa maso omwewo ndiwo makutu ake. Zonsezi zimachititsa kuti phunziro limodzi litenge nthawi yaitali, ndiponso kuti kalasi ikhale ya ana ochepa.

Koma sukulu yeniyeni ya chilankhulo ndi kumalo ogona, kodyera ndi pabwalo la mpira. Kumeneko ana aang'ono amatengera kwa akuluakulu, monga momwe mwana wakumudzi amatengera Chichewa kwa azichimwene ndi azichemwali ake. Amakambirana nkhani, amanyozana, amanenana miseche, amakangana za mpira. Mlendo amadabwa kuona gulu la ana likuseka mpaka misozi popanda mawu omveka. Mdima ukagwa magetsi n'kuzima, macheza amatha, chifukwa manja saoneka mumdima. Pasukulu yotere nyali ndi chida chophunzirira chofunika ngati choko.

Mphamvu ya kukhala pamodzi kwa ana osamva idaonekera poyera ku Nicaragua. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ana osamva atasonkhanitsidwa pasukulu mumzinda wa Managua, adapanga okha chilankhulo chamanja chatsopano, chokhala ndi malamulo ake, pomwe aphunzitsi ankalimbana ndi kuwaphunzitsa kulankhula Chisipanishi.

Chifukwa chiyani kuwerenga milomo sikukwanira

Kwa zaka zambiri sukulu za osamva padziko lonse zinkaumirira kuti ana aphunzire kulankhula ndi kuwerenga milomo. Izi zidakula pambuyo pa msonkhano wa aphunzitsi umene udachitikira ku Milan, m'dziko la Italy, mu 1880, pomwe adagwirizana zoti chilankhulo chamanja chichotsedwe m'kalasi. Maphunziro a ana osamva atayamba m'dziko muno kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ku Nguludi, motsogozedwa ndi abulazala a chipani cha FIC ochokera ku Netherlands, njira yophunzitsa kulankhulayi ndi imene inkatsatidwa kwambiri. Mwana ankayang'ana pagalasi ndi kugwira pakhosi pa mphunzitsi kuti amve momwe mawu amanjenjemerera.

Njirayi imathandiza ana ena, makamaka amene amamvako pang'ono kapena amene adasiya kumva atayamba kale kulankhula. Koma ili ndi malire, ndipo Chichewa chomwe chikuchitira umboni. Mawu akuti bala, pala, phala ndi mbala amaoneka chimodzimodzi pamilomo, pomwe matanthauzo ake ndi osiyana kotheratu. Mawu akuti mtengo amatanthauza chomera cha m'nkhalango kapena ndalama zogulira chinthu malinga ndi kukweza kapena kutsitsa kwa liwu, zomwe diso silingaone. Wowerenga milomo amangolota mbali yaikulu ya zimene zikunenedwa, ndipo amatopa msanga.

Mu 1960 katswiri wa zilankhulo wa ku America, William Stokoe, adaonetsa kuti chilankhulo chamanja ndi chilankhulo chokwanira, chokhala ndi malamulo ake. Sichimodzi padziko lonse: cha ku Malawi n'chosiyana ndi cha ku Britain kapena ku America. Sikutinso ndi Chichewa chonenedwa ndi manja. Chili ndi kasanjidwe kakekake, ndipo nkhope, nsidze ndi mapewa zimagwira ntchito imene liwu limagwira kwa olankhula. Choncho mwana wosamva akamalemba Chichewa ndi Chingerezi amakhala akulemba zilankhulo zachilendo zimene sadazimvepo. Ngakhale zili choncho, mu Sitandade 8 amalemba mayeso a MANEB monga mwana wina aliyense.

Tchuthi, nthawi yovuta

Kwa ana ambiri tchuthi ndi chisangalalo. Kwa mwana wosamva chimakhala ndi mbali ziwiri. Amakondwa kuona makolo, koma pakapita masiku ochepa amazindikira kuti wabwerera kumalo kumene amangolozeredwa ntchito. Amapatsidwa khasu, ndowa kapena ziweto zoti akadyetse, ndipo madzulo banja likamacheza pakhonde iye amangoyang'ana. Kutchalitchi, kumsonkhano wa amfumu ndi kumaliro amakhalapo ndi thupi lokha.

Kusamvanaku kuli ndi zoopsa zake. Mwana amene sangathe kufotokoza kwa mayi ake ndi wosavuta kumuchitira nkhanza, chifukwa wolakwayo amadziwa kuti nkhani siituluka. Kuchipatala, kupolisi ndi kukhoti omasulira chilankhulo chamanja ndi ochepa kwambiri. Mtsikana akatha msinkhu, malangizo amene anzake amalandira kwa anamkungwi ndi azakhali amamuphonya. Uthenga wa pawailesi wochenjeza za kolera kapena madzi osefukira sumufika pokhapokha wina amufotokozere.

Palinso mawu amene amapweteka. Kumutcha mwana gonthi kapena bububu kumachititsa kuti anthu aiwale dzina lake ndi kuona ulumali wokha. Mabanja ena amabisa mwana poganiza kuti adalodzedwa kapena kuti alibe nzeru, ndipo ndalama yamayendedwe ikachepa, amene amatsala pakhomo ndi iyeyo. Kwa banja la kumapiri lodalira kachewere ndi ndiwo zamasamba, ulendo wotsika ndi kukwera kasanu ndi kamodzi pachaka, poyamba ndi potsekera teremu iliyonse, si nkhani yaing'ono.

Zimene malamulo amalonjeza

Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti anthu oposa 1.5 miliyoni a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse mwa iwo ali ndi vuto la kumva. N'zoonekeratu kuti sukulu zogonera zochepazi sizingalandire ana onse ofunika thandizo.

Dziko la Malawi lidavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo panganoli limalamula maiko kuzindikira ndi kulimbikitsa chilankhulo chamanja. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la anthu aulumali, lomwe lidalowedwa m'malo ndi lina mu 2024. Unduna wa Zamaphunziro udakhazikitsanso ndondomeko ya maphunziro ophatikiza ana onse ya 2017 mpaka 2021, yofuna kuti mwana waulumali aziphunzira pasukulu yapafupi ndi kwawo pamodzi ndi anzake.

Cholinga chake n'chabwino, koma kwa mwana wosamva pali funso lofunika kuliganizira. Kumukhazika m'kalasi ya ana 100, momwe mphunzitsi sadziwa chilankhulo chamanja ndipo palibe mwana wina wosamva, ndi kumuika pakati pa anthu koma ali yekha. Amakopera zapabolodi osazimvetsa, amabwereza kalasi, kenaka amasiya. Vuto lomweli limadikira ana ochokera ku Mua ndi sukulu zinzake akasankhidwa kupita kusekondale, kumene maphunziro amaperekedwa pakamwa. Aphunzitsi a ana ofunika thandizo lapadera amasulidwa kukoleji ya Montfort ku Chiradzulu, koma chiwerengero chawo sichikufanana ndi kukula kwa ntchito.

Bungwe la anthu osamva la Malawi National Association of the Deaf, lodziwika kuti MANAD, lakhala likumenyera kuti chilankhulo chamanja chilemekezedwe, ndipo lidatsogolera ntchito yolemba dikishonale ya chilankhulochi. Womasulira amaonekanso pankhani za pakanema wa MBC, ndipo chaka chilichonse pa 23 September dziko lapansi limakumbukira zilankhulo zamanja. Izi ndi zolimbikitsa, ngakhale kuti sizidafike pakhonde la banja la kumudzi.

Zimene makolo ndi mudzi angachite

Choyamba ndi kupewa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi 60 mwa 100 ya mavuto a kumva mwa ana angathe kupewedwa. M'dziko muno ana ambiri amasiya kumva atadwala malungo aakulu, matenda oumitsa khosi, chikuku, kapena atakhala nthawi yaitali akutuluka mafinya m'khutu. Kugona m'masikito, kubayitsa katemera yense, kuphatikizapo wa chikuku ndi rubella amene adayamba kuperekedwa mu 2017, ndi kuthamangira kuchipatala khutu likayamba kuwawa zimapulumutsa makutu ambiri. Kuthira mankhwala azitsamba kapena mafuta m'khutu lotuluka mafinya kumangoonjezera vuto.

Chachiwiri ndi kuzindikira msanga. Khanda limene silidzidzimuka chitseko chikamenyetsedwa, mwana wa miyezi 6 amene satembenukira kumene kukuchokera mawu, kapena wa zaka ziwiri amene sadayambe kutchula mawu, ayenera kupimidwa. Mawu akuti adzalankhula yekha, bambo akenso adachedwa, atayitsa ana ambiri zaka zamtengo wapatali. Zipatala zopima makutu zilipo, monga ku Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre ndi ku African Bible College ku Lilongwe, ndipo achipatala chapafupi angathe kutumiza mwana kumeneko. Makina othandiza kumva amathandiza ana ena, koma sachiritsa, ndipo amafuna mabatire ndi chisamaliro chanthawi zonse.

Chachitatu, chomwe sichilira ndalama, ndi kuphunzira chilankhulo cha mwanayo. Mphunzitsi woyamba ali pakhomo pomwepo: mwana wobwera kutchuthi amakondwa kuphunzitsa mayi ake, mng'ono wake kapena mnzake woyandikana naye nyumba. Zizindikiro zisanu patsiku kwa mwezi umodzi zimakwana 150, zomwe n'zokwanira kuyambira kufunsana za thupi, za kusukulu ndi za mumtima. Mipingo, makomiti a sukulu ndi mafumu angathenso kuitana anthu osamva akuluakulu a m'dera lawo kuti aziphunzitsa ena.

Sukulu ya Mua ndi zinzake zimachita mbali yovuta kwambiri, yopatsa mwana chilankhulo chimene adachisowa kuyambira ali khanda. Mbali yotsalayo ili m'manja mwa abale ake, amene amakhala naye miyezi ya tchuthi ndiponso zaka zonse akadzamaliza sukulu.