Futali: Mphika Umene Umakhazika Mtima Pansi

Pali zakudya zina zimene munthu amadya kuti mimba ikhute basi, ndipo pali zina zimene akangomva fungo lake mtima umakhala m'malo. Kwa ife a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Mangochi ndi Makanjira mpaka ku Salima ndi Nkhotakota, chimodzi mwa zakudya zoterezi ndi futali. Mwana wobwera kuchokera ku sukulu yogonera komweko, bambo wochokera ku ntchito ku Johannesburg, kapena wodwala amene wayamba kumva njala, onsewa akafunsidwa chimene akufuna, kawirikawiri amatchula futali.

Dzinali likugwirizana ndi mawu a Chiswahili akuti futari, kutanthauza chakudya chomasulira swaumu dzuwa likalowa. Ubale wathu ndi anthu a kugombe la Zanzibar ndi wakale, poti Jumbe Salim bin Abdallah anadzakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, ndipo Ayao ankapita okha kugombeko kukachita malonda. N'chifukwa chake mpaka lero m'mwezi wa Ramadhani nyumba zambiri sizifutulu popanda futali. Koma si bwino kuti chakudya chabwino chotere chizidikira mwezi umodzi pachaka, pamene masiku ena onse ana akukhalira zitumbuwa ndi tchipisi za pamsewu.

Kaphikidwe kake

Tengani mbatata zisanu kapena zisanu ndi imodzi zazikulu bwino, muzisende, muzitsuke ndi kuziduladula. Ikani mumphika ndi madzi ongokwanira kuzimiza, thirani mchere pang'ono. Zikayamba kufewa koma zisanaphwanyike, sungunulani kapu imodzi ya nsinjiro m'madzi ofunda ndi kuthira pamwamba. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Akathira nsinjiro amafulumira kutakasa ndi mthiko, mapeto ake futali amasanduka phala. Chepetsani moto, vundikirani, ndipo musiye nsinjiro zipse kwa mphindi 10 kapena 15. Ngati mukuopa kuti zipserera, gwedezani mphikawo pang'ono. Nsinjiro zosapsa zimamveka kukamwa ndipo zimatupitsa mimba.

Mbatata ikasowa, maungu, nthochi zaziwisi kapena chinangwa zimalowa m'malo mwake. Koma pa chinangwa samalani: cha futali ndi chozuna chokha, monga Manyokola amene ena amamutcha Mbundumali. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni amene amachoka pokhapokha chitaviikidwa m'madzi masiku angapo ndi kuyanikidwa, monga timachitira pokonza ufa wa kondowole. Kungochiwiritsa sikukwanira.

Mtedza ndiwo mwini nkhani

Futali amakoma kapena kuipa chifukwa cha mtedza. Komanso ngozi yaikulu ya chakudyachi imabisala mu mtedza momwemo. Mtedza ukasungidwa pachinyezi umachita chuku, ndipo chuku chimenechi chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoni ameneyu satha ndi moto ngakhale mutaphika tsiku lonse. Akamadyedwa pang'onopang'ono kwa zaka, amawononga chiwindi ndipo angathe kuyambitsa khansa ya chiwindi. Akatswiri a zaumoyo amamutchulanso pa nkhani ya kupinimbira kwa ana.

Chomvetsa chisoni n'chakuti m'nyumba zambiri mtedza wabwino umapita kumsika, ndipo wonyala, woboola ndi wakuda ndi umene umatsala wosinja. Amayi, banja lanu lisadye zotsalira. Musanasinje, thirani mtedza palichero, mupete, kenaka musankhe ndi manja n'kutaya uliwonse wofwifwa, wosintha mtundu kapena wowawa. Abambo amene mumalima, yanikani mtedza uume kwenikweni, ndipo lekani chizolowezi chowaza madzi pa makoko kuti afewe posenda, chifukwa madzi amenewo ndiwo amaitana chuku. Matumba akhale pa thandala, osati pansi penipeni kapena motsamira khoma. Nsinjiro zogula zosinjasinja kale simungadziwe kuti zinachokera ku mtedza wotani, choncho ndi bwino kusinja nokha mumtondo, zongokwanira masiku ochepa.

Mbatata yofiira m'kati

Amene ali ndi dimba kapena kamunda ayesetse kupeza mbewu ya mbatata yofiira m'kati. Kuwonjezera pa Zondeni, m'chaka cha 2011 ofufuza za ulimi m'dziko muno anatulutsa mitundu ina monga Kadyaubwerere, Kaphulira, Chipika, Mathuthu ndi Anaakwanire. Mbatata imeneyi imapatsa thupi vitamini A amene amateteza maso ndi kulimbitsa ana ku matenda. Ubwino wina ndi wakuti thupi limalandira bwino vitamini ameneyu pakakhala mafuta, ndipo mafutawo ali kale mu nsinjiro. Agogo athu anaphatikiza ziwirizi kalekale asanamvepo dzina la vitamini. Mwana amene wakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi angathe kudya futali wopotedwa bwino, uku akupitiriza kuyamwa. Nkhalamba zimene mano anatha nazonso sizivutika naye.

Aphunzitseni ana

Luso la kuphika silikhalitsa ngati lili m'manja mwa munthu mmodzi. Tsiku limene amayi adwala kapena apita ku maliro kutali, nyumba isagone ndi njala chifukwa palibe wodziwa kutendera mbatata. Aitaneni ana kukhitchini, atsikana ndi anyamata omwe. Wina asende, wina asankhe mtedza, wina asinje, ndipo muwauze chifukwa chake mtedza wachuku timautaya.

Pomaliza, pophika musayeze za a m'nyumba mwanu okha. Mlendo ndi mame, ndipo pafupi nanu pali mayi wamasiye kapena wodwala amene sanasonkhe moto lero. Mbatata imodzi yowonjezera mumphika siisaukitsa munthu. Pakulani mbale, vundikirani bwino, ndipo mumtume mwana akapereke futaliyo asanazizire.