Kuteteza Mayi Woyembekezera ku Matenda a Maganizo

Lero tikamba za matenda amene amagwira amayi ena atangochira, pamene mudzi wonse uli pa chimwemwe cholandira mwana. Awa ndi matenda a maganizo obwera mayi atabereka. Mfundo yathu ndi yakuti nthawi zambiri matendawa amaonekera patali, mayi akadali ndi pakati, ndipo nthawi yowatchingira ndi imeneyo.

Poyamba tisiyanitse zinthu ziwiri. Mwana akangobadwa, timadzi ta m'thupi totchedwa mahomoni, timene tinachuluka pa nthawi ya pakati, timatsika mwadzidzidzi. Chifukwa cha ichi, amayi ambiri amalira popanda chifukwa chenicheni patapita masiku atatu kapena asanu ali m'chikuta. Zimenezi zimatha zokha pasanathe sabata ziwiri. Koma chisoni chikapitirira pamenepo, mayi n'kumalephera kugona ngakhale mwana ali m'tulo, osafuna chakudya, osakondwera ndi khanda lake, n'kumadziyesa wachabechabe, amenewo ndi matenda. Si ulesi, si mwano, ndiponso si kulodzedwa ayi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti amayi 13 mwa 100 alionse amene angobereka amavutika maganizo, ndipo m'maiko osauka chiwerengerochi chimafika pafupifupi 20 mwa 100.

Nanga ali pa chiopsezo chachikulu ndani? Akuluakulu anati mvula ikakuona litsiro sikata, ndipo matendawa amakonda kugwera mayi amene wasenza kale mtolo. Ameneyu ndi mayi amene anadwalapo maganizo m'mbuyomo, kapena amene ali kale ndi nkhawa yosatha pa pakati pamenepa. Ndi mtsikana amene watenga mimba ali wamng'ono, mayi amene mwamuna wamuthawa kapena amam'menya, mayi amene umphawi wam'panikiza, ndiponso amene wakumana ndi zovuta zazikulu monga maliro kapena kupita padera.

Anamwino ali ndi njira yodziwira amayi otere. M'chaka cha 1987, John Cox ndi anzake ku Scotland anakonza mafunso khumi otchedwa Edinburgh Postnatal Depression Scale, ofunsa mmene mtima wa mayi wakhalira pa masiku asanu ndi awiri apitawo. Mafunsowa anamasuliridwa m'zilankhulo zambiri, kuphatikizapo Chichewa, ndipo amatenga mphindi zochepa chabe. Popeza kuyambira mu 2016 a WHO amalangiza kuti mayi woyembekezera aonane ndi azachipatala kasanu ndi katatu asanachire, mpata wofunsira ulipo ndithu ku sikelo.

Mayi wotere akapezeka, chimene chaoneka kuti chimateteza kwambiri ndi uphungu. M'chaka cha 2019, gulu la akatswiri a ku America lotchedwa US Preventive Services Task Force linasanthula zofufuza zambiri, ndipo linapeza kuti uphungu unachepetsa chiopsezo cha matendawa ndi magawo 39 mwa 100. Uphunguwu uli pawiri. Woyamba umaphunzitsa mayi kuzindikira maganizo omufooketsa, monga akuti, "Ine sindingathe kulera mwana," n'kuwayesa ngati ndi oona, kenaka n'kubwerera ku tintchito tomusangalatsa. Wachiwiri umakonza ubale wa mayi ndi anthu omuzungulira: kapemphedwe ka thandizo, kathetsedwe ka mikangano ndi mwamuna kapena apongozi, ndi kukonzekera udindo watsopano wa umayi. Chitsanzo ndi ndondomeko yotchedwa ROSE, imene mayi amaphunzira kanayi ali woyembekezera ndi kamodzi atachira.

Wina angafunse kuti, "Madokotala a maganizo ndi ochepa, nanga ntchitoyi agwira ndani?" Ku Pakistan, Atif Rahman ndi anzake anaonetsa mu 2008 kuti amayi alangizi a zaumoyo a m'midzi, ataphunzitsidwa bwino, anathandiza amayi ovutika maganizo kuchira. Ku Zimbabwe, Dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo kupereka uphungu atakhala pa benchi kunja kwa chipatala. Tikuona tsono kuti khutu lomvetsera, likaphunzitsidwa, ndi mankhwala ndithu.

Koma mutu umodzi susenza denga. Inu abambo, perekezani akazi anu ku sikelo, ndipo mugwirizane mwana asanabadwe za amene adzatunga madzi, kuphika ndi kunyamula khanda kuti mayi agoneko, pakuti kusowa tulo kumakulitsa vutoli. Inu agogo ndi apongozi, mayi akanena kuti mtima wake walema, musamudzudzule kuti ndi wosayamika. Inu amayi amene munadwalapo maganizo, auzeni anamwino pa ulendo woyamba wa ku sikelo, ndipo ngati mukumwa mankhwala musawasiye popanda kufunsa dokotala.

Potsiriza, pali zizindikiro zosayenera kudikira mawa. Mayi akamalankhula zofuna kudzipha kapena kupweteka mwana, akamamva mawu amene ena sakuwamva, kapena akasokonekera mutu, musamusiye yekha. Thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Matendawa amachiritsika, ndipo mayi akachira mwana naye amayamwa ndi kukula bwino.