Kodi mumadziwa? Zinsinsi za mneni "go" m'Chingerezi

Kusukulu tinauzidwa kuti "go" ndi kupita, basi. Komatu eni chiyankhulochi amatchula kamneni ka zilembo ziwirika tsiku lonse osasuntha phazi. Tamvani izi.

Kodi mumadziwa kuti "went" si m'bale wa "go"? Zaka 1,000 zapitazo Angerezi ankati "gan", ndipo pokamba zakale ankati "eode". "Went" anali wa mneni wina, "wend", wotanthauza kutembenuka kapena kulowera kwinakwake. M'zaka za m'ma 1400 anthu anayamba kumubwereka, mpaka anakhazikika ndipo "eode" anaiwalika. Mwini wake "wend" anachita kudzipangira mawu ena, "wended". Wobwereka sanabweze mpaka lero.

Kodi mumadziwa kuti ana a ku London nawonso amati "goed"? Mwana akaona kuti "walk" amakhala "walked", amangotsata lamulo lomwelo, ndipo akulu ndiwo amamukonza. M'chiyankhulo cha Scots ku Scotland amati "gaed", ndipo kumeneko si cholakwa. Ife tili ndi mwayi, chifukwa tsinde silisintha: ndinapita, ndikupita, ndidzapita.

Kodi mumadziwa kuti "gone" ndi "been" angakutayitseni tsiku? Mwafika pa ofesi kudzaonana ndi abwana. Mlembi akati "He has gone to Lusaka", nyamulani chikwama muzipita, abwanawo sanabwere. Koma akati "He has been to Lusaka", khalani pa benchi, chifukwa anapita n'kubwerako.

Kodi mumadziwa kuti "go off" amatanthauza kuyamba komanso kusiya? Wotchi ikakudzutsani m'mamawa, amati "the alarm went off", kutanthauza kuti yalira. Magetsi akazima, amatinso "the lights went off". Bomba likaphulika, mawu ndi omwewo. Ku Britain mkaka ukasasa, amati "the milk has gone off". Kulira, kuzima, kuphulika, kusasa, zonsezi m'mawu awiri. Chimene chimakuuzani tanthauzo ndi chinthu chomwe chikunenedwacho.

Kodi mumadziwa kuti "go" amakonda nkhani zoipa? Akaphatikana ndi mfotokozi amasonyeza kusintha, ndipo kawirikawiri kumakhala kusintha kosakondweretsa. Ndiwo zikavunda ndi "go bad", munthu akachita khungu ndi "go blind", akapenga ndi "go mad", bizinesi ikagwa ndi "go bankrupt". Wodwala akayamba kupeza bwino, "go" sapezekapo. Pamenepo amati "get better". Maloto akakwaniritsidwa amati "come true".

Kodi mumadziwa kuti "going to" nthawi zambiri si ulendo? Munthu atakhala phee pa mpando akhoza kunena kuti "I am going to stay here", kutanthauza kuti sachoka. Mawu oyendera anasanduka chizindikiro cha zam'tsogolo. Afalansa amachitanso chimodzimodzi ndi mneni wawo "aller". Poyankhula mofulumira Angerezi amafupikitsa n'kuti "gonna", koma tcheru apa: "gonna" amagwira pa zam'tsogolo zokha. Simunganene kuti "I'm gonna Blantyre". Ndipo m'kalata yofunsira ntchito musamulembe.

Kodi mumadziwa kuti "go" anabisala mu "ago"? Kale mawuwa ankanenedwa kuti "agone", kutanthauza zomwe zadutsa. Choncho "two years ago" ndi chimodzimodzi ndi mmene ife timanenera kuti zaka ziwiri zapitazo. Anabisalanso mu "undergo" ndi "forgo", n'chifukwa chake pokamba zakale amati "underwent" ndi "forwent".

Kodi mumadziwa kuti "go home" safuna "to"? Amati "go to school", "go to church", koma "go home" basi. Pa masewera ndi zosangalatsa amangolumikiza: "go swimming", "go fishing", "go shopping".

Kodi mumadziwa kuti "go" amasintha ndi dziko? Ku Britain "go-slow" ndi pamene antchito akugwira ntchito mwachidodo dala pofuna kuti abwana amve madandaulo awo. Ku Nigeria "go-slow" ndi mdipiti wa magalimoto amene athithikana pamsewu, monga zimachitikira mu Lagos. Ku America wogulitsa chakudya akafunsa kuti "To go?", akufuna kudziwa ngati akukulungireni kuti mukadyere kwina. Ku Britain chakudya chotero amachitcha "takeaway".

Kodi mumadziwa kuti "go" ankamveka pa ulendo wa kumwezi? Ku bungwe la NASA, chombo chisanachite gawo lalikulu la ulendo, mkulu woyang'anira amafunsa akatswiri ake mmodzimmodzi, ndipo aliyense amayankha "go" ngati zonse zili bwino kapena "no-go" ngati pali vuto. Pa 20 Julayi 1969, Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin anatera pamwezi ndi Apollo 11 akatswiri a ku Houston atayankha "go".

Kodi mumadziwa njira yomugonjetsera "go"? Musamuloweze yekha. Lowezani "go" pamodzi ndi mnzake amene wamutsatira: "go on" ndi kupitiriza, "go over" ndi kubwereza zomwe mwalemba, "go through" ndi kukumana ndi zovuta, "go without" ndi kupirira posowa chinthu. Mukakumana naye m'nyuzi kapena pa mayeso, musathamangire kuti ndi kupita. Yambani mwayang'ana mawu otsatirawo.