Mwana wopanda zikalata akafika pakhomo la yunivesite

Mumzinda wa Chicago, m'dziko la America, mudali mtsikana wina dzina lake Tereza Lee, amene akakhala pa piyano omvera ankangoti chete, kukamwa yasa. Adabadwira ku Brazil, makolo ake adali a ku Korea, ndipo adalowa m'dziko la America ali ndi zaka ziwiri zokha, msinkhu umene mwana sadziwa n'komwe kuti malire a dziko n'chiyani. Adakula monga amakulira mwana wina aliyense mumzindawo. Koma atatsala pang'ono kutsiriza sekondale, mphunzitsi wake wa zoimbaimba, mayi Ann Monaco, adadabwa kuona mwana waluso lotere akuzengereza kudzaza mafomu ofunsira malo kusukulu zaukachenjede. Atamufunsitsa, mtsikanayo adaulula chinsinsi chimene banja lake lidachisunga zaka zambiri: adalibe zikalata zomuloleza kukhala m'dzikomo.

Mayi Monaco sadaikhalire nkhaniyo. Adakaitula ku ofesi ya a Dick Durbin, phungu wa nyumba ya Senate wochokera m'chigawo cha Illinois, ndipo atafufuza adapeza kuti lamulo lidali ndi yankho limodzi lokha: Tereza atuluke, akakhale kunja zaka 10, kenaka adzapemphe kulowanso. Kunjako kuti? Ku Brazil kumene sankakukumbukira? Apa ndi pamene padabadwira bilu yotchedwa DREAM Act, imene a Durbin ndi a Orrin Hatch adaipereka ku nyumba ya malamulo mu 2001 pofuna kuti ana oterewa apatsidwe njira yokhalira nzika. Tereza adayenera kukaonekera pamaso pa aphungu pa 12 September chaka chomwecho. Dzulo lake ndege zidawomba nsanja ziwiri za ku New York, msonkhanowo udalephereka, ndipo mitima ya anthu pa nkhani ya alendo idauma. Mu December 2010 biluyo idagwa ku Senate itapereweredwa mavoti asanu, ndipo mpaka lero siinakhalebe lamulo.

Okondedwa awerengi, ana onga Tereza si ochepa. Mabungwe amene amatsata nkhaniyi amawerengera kuti ophunzira opanda zikalata m'makoleji ndi m'mayunivesite a ku America amaposa 400,000. Popeza lamulo lowamasula lidakanika, adalowamo bwanji, nanga akukhalamo motani?

Kupulaimale ndi kusekondale chitseko n'chotsegula. Mu 1975 chigawo cha Texas chidakhazikitsa lamulo lolola sukulu kukana ana opanda zikalata, ndipo m'tauni ya Tyler akuluakulu a maphunziro adayamba kulipiritsa mwana wotere madola 1,000 pachaka. Mabanja ochokera ku Mexico adakamang'ala kukhothi, ndipo mu 1982 bwalo lalikulu la Supreme, pa mlandu wotchedwa Plyler v. Doe, lidagamula ndi mavoti asanu kwa anayi kuti mwana asalangidwe chifukwa cha zimene adachita makolo ake. Inu amene muli ndi abale ku Johannesburg kapena ku Cape Town, dziwani kuti khothi la ku Makhanda, ku South Africa, lidagamula zofanana ndi zimenezi mu December 2019. Koma chigamulo cha ku America chimathera pa satifiketi ya sekondale. Dziko limamuphunzitsa mwana kwaulere zaka zoposa 10, limamuuza kuti akalimbikira adzakhala dokotala kapena loya, ndipo akakwanitsa zaka 18 limamufunsa nambala ya Social Security, imene anzake onse ali nayo koma iye alibe.

Mpanda woyamba ndi ndalama. Boma lalikulu la ku Washington limapereka thandizo ndi ngongole kwa ophunzira osauka, koma wopanda zikalata salandirako ngakhale senti. Kuonjezera apo, mayunivesite a boma ali ndi mitengo iwiri: wotsika kwa ana a m'chigawo momwemo, ndi wina, kawirikawiri wowirikiza kawiri kapena katatu, kwa obwera kuchokera kwina. Motero mwana amene adakwawira mumzinda womwewo amapezeka akuwerengedwa ngati wobwera. Texas, pa nthawi ya bwanamkubwa Rick Perry mu 2001, ndiyo idayamba kulola ana otere kulipira mtengo wotsika ngati adaphunzira sekondale m'chigawomo. California idatsatira chaka chomwecho ndi lamulo lotchedwa AB 540, ndipo mu 2011 idaonjezera malamulo ena olola ophunzirawa kulandira thandizo la ndalama la chigawocho. M'kupita kwa nthawi zigawo zoposa 20 zidatengerako.

Komatu fizi si zonse, ndipo amene adaliona msanga ili ndi a yunivesite ya California ku Berkeley. Mu 2012 adatsegula ofesi yapadera yoyang'anira ophunzira opanda zikalata, ndipo chaka chomwecho thumba lachifundo la banja la Haas lidapereka madola 1 miliyoni owalipirira. Zimene zimachitika mu ofesi yotere si zodabwitsa maso. Muli mlangizi wa maphunziro, loya wothandiza kwaulere, katswiri woona za maganizo, mabuku obwereka, ndi kathumba kothandizira wophunzira akagweredwa vuto mwadzidzidzi. Koma taganizirani mwana amene walandira foni kutatsala sabata ziwiri kuti alembe mayeso, yomuuza kuti mayi ake agwidwa ndi apolisi oona za olowa ndi otuluka m'dziko. Kunyumba kwatsala abale ake ang'onoang'ono, lendi siinalipidwe, ndipo iye sangauze aliyense, pakuti kuyambira ali wamng'ono adamulangiza kuti nkhani imeneyi siituluka pakhomo. Wophunzira wotere safuna mawu okoma okha. Afuna munthu wodziwa ndende imene mayi ake angasungidwe, wodziwa kupempha kuti mayeso awasunthe, ndiponso wosunga pakamwa.

Ntchito ya loya ndiyo imandikhudza koposa. Ena mwa ana amenewa, nkhani yawo ikaunikidwa bwino, amapezeka kuti adali nayo kale njira yopezera zikalata, mwina chifukwa adachitiridwapo nkhanza m'dzikomo kapena adasiyidwa ndi makolo, koma kudalibe wowauza. Pa zachinsinsi, lamulo la mu 1974 limaletsa sukulu kuulula mwachisawawa zolembedwa m'mafailo a wophunzira popanda chilolezo chake kapena lamulo la khothi. Masukulu ena amaphunzitsanso aphunzitsi ndi alembi awo momwe angayankhire wophunzira akawaululira za moyo wake, chifukwa mawu amodzi osasamala pawindo la ofesi angathe kubweza mwana kunyumba osadzabweranso.

Si zigawo zonse zimene zidatsegula manja. Mu October 2010 komiti yolamulira mayunivesite a boma ku Georgia idaletsa ophunzira opanda zikalata kulowa m'masukulu asanu amene malo ake amalimbiranidwa kwambiri, kuphatikizapo University of Georgia. Chaka chotsatira aphunzitsi anayi a payunivesite yomweyo, mayi Betina Kaplan, mayi Lorgia García-Peña, mayi Pamela Voekel ndi mayi Bethany Moreton, pamodzi ndi achinyamata okanidwawo, adayambitsa sukulu yawoyawo m'tauni ya Athens ndi kuitcha Freedom University. Ankakumana Lamulungu, pamalo amene sankalengezedwa, kuphunzira maphunziro a msinkhu wa kuyunivesite popanda kulipira, ndi kukonzekera kukafunsira malo m'zigawo zina. Dzinali adalitenga kusukulu zaufulu zimene anthu akuda adatsegula ku Mississippi mu 1964. Ndipo padali chifukwa: University of Georgia yomweyo idalandira ophunzira akuda oyamba, Charlayne Hunter ndi Hamilton Holmes, mu 1961, khothi litachita kuikakamiza.

Mpweya wabwinoko udaomba pa 15 June 2012, pamene mtsogoleri wa dzikolo pa nthawiyo, a Barack Obama, adalengeza ndondomeko ya DACA. Amene adalowa m'dzikomo asanakwanitse zaka 16, nakhalamo chikhalire kuyambira June 2007, adapatsidwa chilolezo chogwira ntchito ndi chitetezo choti asathamangitsidwe, cha zaka ziwiri ziwiri. Achinyamata oposa 800,000 adapindula nacho. Amene adasainira ndondomekoyi adali mayi Janet Napolitano, nduna yoona za chitetezo cha m'dziko, amenenso pa nthawi yawo anthu zikwi mazanamazana adabwezedwa kwawo. Mu 2013 mayi omwewa adasankhidwa kukhala mkulu wa mayunivesite a California. Ophunzira adawalandira ndi zionetsero, iwo adayankha poika padera madola 5 miliyoni othandizira ophunzira opanda zikalata, ndipo mu 2017 adakasumira boma la a Donald Trump litafuna kuthetsa DACA. Munthu ndi wovuta kumuweruza ndi tsamba limodzi la moyo wake.

Sukulu ya zaudokotala ya Stritch, ya yunivesite ya Loyola ku Chicago, imene ndi ya chipani cha ansembe a Jesuit, idalengeza mu 2013 kuti idzalandira poyera ophunzira a DACA, ndipo idali yoyamba mwa sukulu za madokotala m'dzikomo kutero. Chifukwa chimene idapereka n'chodziwika kwa aliyense wopemphera: ulemu wa munthu suchokera papepala la boma. Koma atsogoleri a sukuluyi, kuphatikizapo pulofesa Mark Kuczewski, adadziwa kuti kulandira mwana amene sangathe kulipira n'kumunyenga chabe. Adagwirizana ndi bungwe la zachuma la chigawo cha Illinois kuti lipereke ngongole, pa pangano lakuti omaliza maphunziro adzakagwire ntchito m'madera osowa madokotala. Ophunzira asanu ndi awiri adayamba mu 2014. Akulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Pano odya naye ndi odwala a m'madera osauka a Illinois.

Alipo amene amatsutsa zonsezi, ndipo si onse amene amatero chifukwa cha chidani. Amafunsa kuti: n'chifukwa chiyani nzika yochokera ku Oklahoma ilipire zambiri ku Texas kuposa munthu amene ali m'dzikomo mosemphana ndi lamulo? Malo a payunivesite ndi owerengeka, ndipo amene wapatsidwa ndiye kuti wina wamanidwa. Funsoli n'loyenera kulimva. Koma kwa ine likuphonya mfundo imodzi. Mtengo wotsika umaperekedwa chifukwa banja lakhala likukhoma misonkho m'chigawomo, ndipo mabanja opanda zikalata nawonso amakhoma, pogula katundu m'sitolo ndi kudzera m'lendi ya nyumba, ambiri ngakhale pamalipiro awo. Mwana wa ku Oklahoma ali ndi chigawo chake chimene chidzamulipiritse mtengo wotsika. Mnzakeyu alibe kwina.

Chomvetsa chisoni n'chakuti zonse zimene tafotokozazi zaima pamchenga. Bwalo la Supreme lidapulumutsa DACA mu June 2020, koma mu July 2021 woweruza wa ku Texas, a Andrew Hanen, adaimitsa kuvomereza ofunsira atsopano. Ndiponso popeza ndondomekoyi imafuna amene adafika pofika June 2007, unyinji wa achinyamata amene akutsiriza sekondale masiku ano suli m'gululi. Angathe kulandira digiri, kuvala gauni ndi kujambulitsa ndi makolo, koma alibe chilolezo cholembedwa ntchito imene adaphunzira. Yunivesite ingathe kupereka nzeru, koma chiphaso ndi cha boma. Ophunzira a ku California adapempha kuti yunivesite yawo iziwalemba ntchito zing'onozing'ono zapasukulu, koma mu January 2024 akuluakulu adaiika pambali nkhaniyo poopa kutaya ndalama zochokera ku Washington.

Chaka cha 2025 chidabweretsa zina. Florida idathetsa mtengo wotsika kwa ophunzira opanda zikalata. Ku Texas, kumene zonsezi zidayambira, boma lalikulu lidasumira chigawocho pa 4 June, loya wamkulu wa chigawo, a Ken Paxton, sadatsutse, ndipo woweruza adaimitsa lamulo la zaka 24 tsiku lomwelo. Mu January chaka chomwecho boma lidachotsanso malangizo amene kuyambira 2011 ankaletsa apolisi oona za olowa m'dziko kukagwira anthu m'sukulu, m'zipatala ndi m'nyumba zopemphereramo.

Zitatero, maofesi othandiza ophunzirawa adalimbikira pa ntchito imene idatsala m'manja mwawo. Adagawa timakhadi tofiira tolembedwa m'zilankhulo zosiyanasiyana, tokumbutsa munthu kuti ali ndi ufulu wokhala chete ndi wosasainira pepala lililonse loya wake palibe. Adaphunzitsa alonda ndi oyang'anira nyumba zogona kuti wapolisi sangalowe m'chipinda cha wophunzira mokakamiza popanda chikalata chosainidwa ndi woweruza, ndi kuti cholembedwa ndi ofesi ya apolisi omwewo n'chosakwanira. Ophunzira nawonso adalangizidwa kuloweza pamtima nambala ya foni ya loya, ndi kusiya m'manja mwa munthu wodalirika kalata yonena amene adzasamale abale awo ang'onoang'ono ngati makolo sabwerako kuntchito madzulo.