Polumikiza lamba wa malasha ku Moatize: amisiri amadziwa bwanji kuti guluu wagwira?

Malasha a ku Moatize asanakwere sitima ya ku Nacala-a-Velha, amayamba ayenda pa malamba a mphira, kuchoka pophwanyira kupita kotsukira, kenako kumulu wopakira. Mgodiwu unayamba kutulutsa malasha mu 2011 uli m'manja mwa kampani ya Vale, ndipo kuyambira 2022 ukuyendetsedwa ndi Vulcan. Pamgodi uliwonse wotere, lamba mmodzi akaduka, ntchito yonse ya kumbuyo kwake imaima ngakhale makina ena ali bwinobwino.

Lambayu si mphira yokha. M'kati mwake muli nsalu zolimba za nayiloni kapena poliyesita zosanjikizana, ndipo malamba aatali kwambiri amakhala ndi zingwe zachitsulo. Mphira imateteza, koma zomwe zimakoka katundu ndi nsalu kapena zingwezo. Lamba amachoka kufakitale ali m'mipukutu, choncho amisiri amalumikiza nsonga zake pamgodi pomwepo. Pamalo amenewo, pomwe m'Chipwitikizi amati emenda, nsalu ndi zingwe ndi zodula. Chogwira ndi kumatirira basi.

Pa lamba wa nsalu, amisiri amasenda nsonga ziwirizo ngati masitepe, kuzipala, kuzipukuta, kenako kuika mphira yaiwisi pakati ndi kupanikiza m'makina otentha mpaka madigiri pafupifupi 145. Kutentha ndi kupanikizako ndi komwe kumapsetsa mphira kuti mbali ziwirizo zikhale chinthu chimodzi. Palinso njira yosatenthetsa, ya guluu wosakaniza mankhwala awiri, yomwe amaigwiritsa ntchito pa malamba opepukirapo.

Vuto ndi lakuti ntchito ikatha, m'kati simuoneka. Pamwamba patha kukhala posalala, pomwe pansi pali fumbi la malasha, chinyezi kapena mafuta a m'manja omwe alepheretsa kumata. Vutoli limasautsanso opanga ndege. Pafupifupi theka la kulemera kwa Boeing 787 ndi zipangizo zosanjikiza za ulusi wa kaboni ndi utomoni, ndipo akatswiri a ntchito yotere amadziwa kuti mbali ziwiri zitha kukhudzana ndithu popanda kumatana. Makina ofufuza ndi mafunde a mawu amapeza mosavuta mpata wa mpweya, koma mbali zongokhudzana amatha kuziona ngati zagwirana.

N'chifukwa chake kuyang'anira kwenikweni kumachitika ntchito ili m'kati, osati itatha. Amisiri osamala amamanga tenti kuti fumbi ndi mvula zisafike. Amaona tsiku lothera ntchito la guluu ndi mphira yaiwisi, zomwe zimafuna kusungidwa pozizira. Ku Tete, komwe mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, mphira yoiwalidwa m'kontena yachitsulo imayamba kupsa yokha isanagwire ntchito. Pamakina otenthetsa amaika timawaya toyeza kutentha pamalo angapo, chifukwa m'mphepete mumazizira kusiyana ndi pakati. Mphindi amayamba kuziwerenga pokhapokha ponse patafika pamulingo, ndipo samasula makinawo mpaka lamba atazizira. Apa ndi pomwe changu chimaononga zambiri: ola lopulumutsidwa lero litha kuimitsa lamba tsiku lathunthu mtsogolo.

Lamba akayamba kuyenda, amaika zizindikiro mbali zonse za polumikizapo ndi kumayeza ngati zikutalikirana. Pa malamba a zingwe zachitsulo pali makina a maginito ndi ekisire oonetsa chingwe choduka kapena chomwe chikusololoka.

Nkhaniyi sikuthera pamgodi. Pamsewu wa N7 wopita ku Zóbuè, pachipata cha malire ndi Mwanza ku Malawi, malole olemera amayenda usana ndi usiku, ndipo omata matayala, a ntchito ya vulcanização, sasowa makasitomala. Tayala nalonso ndi mphira, nsalu ndi waya zomatidwa pamodzi. Mmisiri wa m'mbali mwa msewu alibe makina oyezera, komabe zoyenera kutsata ndi zomwezo: kupala bwino, kuchotsa fumbi, kusagwira ndi zala pomwe papalidwa, ndi kudikira guluu kuti aume kaye asanaike chigamba. Chigamba choikidwa pa guluu wonyowa chimatsekera mankhwala omwe anayenera kuuluka, ndipo tayala likatentha pamtunda, pamatuluka thovu, chigamba n'kumatuka.

Dalaivala ali ndi ufulu woona m'kati mwa tayala asanalibweze pa limu. M'mphepete mwa chigamba musamatukuke pokanda ndi chikhadabo, ndipo pasakhale potukumuka. Bala lalikulu la m'mbali mwa tayala, pomwe pamapindika nthawi iliyonse likazungulira, si lomata ndi chigamba wamba.