NYUMBA YOYENDA PA MATAYALA: MTENGO WAKE ULI M'KASAMALIDWE

Mvula ikatha ndipo miseu ikauma, anthu okhala m'mbali mwa mseu waukulu wa Great East Road amayamba kuona magalimoto acilendo alikudutsa. Ena ali ndi makatani m'mazenera, ena asenza matayala ndi zigubu pa denga. Akaima pa Petauke, pa Katete kapena pa Chipata, eni ake safunsa nyumba yogona alendo: amaphika momwemo, nadya momwemo, nagonanso momwemo. Magalimoto amenewa pa Cingelezi amachedwa motorhome, ndiye kuti nyumba yoyenda. Ambiri amakhala alikupita ku Mfuwe kukaona nyama za ku South Luangwa, malo amene anakhala National Park m'caka ca 1972.

Ena mwa alendo ocokera ku Ulaya akatsiriza ulendo wao ku South Africa amagulitsa galimotoyo, nabwerera kwao pa ndege. Pa tsiku limenelo magalimoto awiri a mtundu umodzi, opangidwa caka cimodzi, angathe kusiyana mtengo kwakukulu. Cimene cimawasiyanitsa ndico m'mene eni ake anali kuwasamalira zaka zonse za m'mbuyo, pamodzi ndi umboni woonetsa kuti anaterodi.

KUMENE ANACOKERA

Galimoto imene inachukitsa ulendo wotere ndi Kombi ya Volkswagen, imene inayamba kupangidwa ku Germany m'caka ca 1950. Posacedwa kampani ya Westfalia inayamba kuikamo bedi, tebulo ndi makabati, ndipo mabanja anayamba kuyenda nayo maiko akutali. Kombi ya maonekedwe akale inapangidwa komaliza ku Brazil m'caka ca 2013. Nyumba zoyenda zambiri za ku Ulaya za zaka zotsatira zinamangidwa pa galimoto ya Fiat Ducato, imene inayamba kutuluka m'caka ca 1981.

Wogula galimoto yotere amagula zinthu ziwiri pamodzi, galimoto ndi nyumba. Ciri conse ciri ndi matenda ake, ndipo wosamala amayang'anira zonse ziwiri.

MDANI WAMKULU NDI MADZI

Mwini nyumba ya udzu adziwa kuti denga likayamba kudontha, mtanda umaola pang'onopang'ono mpaka nyumba itagwa. Nyumba yoyenda iri cimodzimodzi. Zipupa za magalimoto ambiri otere ziri ndi cikopa ca aluminiyamu kapena pulasitiki kunja, koma mkati muli matabwa opyapyala. Polumikizira denga ndi m'mbali mwa mazenera amamatapo phula lapadera. Dzuwa ndi kugwedezeka kwa m'miseu ya miyala zimang'amba phulalo, ndipo madzi amalowa pa mng'alu wocepa kwambiri. Kunja utoto umakhala ulikunyezimira pamene mkati matabwa alikuola. Akale anati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere.

Cifukwa ca ici, ku Britain eni magalimoto otere amawapereka caka ndi caka kwa amisiri kuti apime mbali ya nyumba. Amisiriwo ali ndi kacipangizo koyesera cinyezi m'zipupa. Kakaonetsa nambala yocepera 15 pa 100 iri yonse, thabwa ndi louma. Kakapitirira 20, amafufuza pamene madzi alikulowera. Wopanda kacipangizoko ali ndi mphuno ndi cala. Fungo la cinyezi m'makabati, madontho akuda m'ngondya za denga, ndi pansi pofewa poponda, zonsezi ndi zizindikiro zakuti madzi analowa kale. Kumata phula latsopano mvula isanayambe ndi nchito ya tsiku limodzi. Kusintha cipupa coola kungadye ndalama zoposa mtengo wa galimoto yakale.

KUIMA KUMAONONGANSO

Anthu ambiri amaganiza kuti galimoto imene yayenda mtunda wocepa ndiyo yabwino. Pa nyumba zoyenda maganizo amenewa amanyenga, pakuti zambiri zimayenda milungu yowerengeka pa caka, miyezi yotsalayo ziri ciimire. Galimoto yongoima imagwira dzimbiri m'mabuleki, batire lake limafa, ndipo makoswe amamanga zisa mu injini nadya mawaya. Mwini wosamala amailiza ndi kuiyendetsa mwezi ndi mwezi mpaka injini itatentha bwino, ndipo amasintha oilo caka ciri conse ngakhale galimotoyo sinapite kutali. Ma Kombi akale, amene injini yao iri kumbuyo ndipo imazizira ndi mphepo m'malo mwa madzi, amafuna oilo watsopano pa makilomita 5,000 ali onse, cifukwa oiloyo ndiye amathandizanso kuziziritsa injini.

Matayala nawo amakalamba asanathe. Tayala lingakhale ndi mizere yakuya koma m'mbali litacita ming'alu ndi dzuwa, ndipo lotere limaphulika galimoto ikalemedwa. Matayala opangidwa kuyambira m'caka ca 2000 ali ndi manambala anai m'mbali osonyeza msinkhu wao: 2319 atanthauza sabata la 23 la caka ca 2019. Mabungwe a eni magalimotowa ku Britain amalangiza kusintha tayala likatha zaka 5, ndi kusalola kuti lipitirire zaka 7.

GASI NDI MADZI AKUMWA

M'nyumba yoyenda anthu amaphikira gasi wa m'botolo, ndipo mafiriji ambiri a momwemo amayenderanso gasi. Apa nkhani ndi ya moyo wa anthu. Paipi ya mphira yocokera ku botolo imauma ndi kung'ambika, motero imasinthidwa pakapita zaka zowerengeka. Polumikizira amayesa ndi thovu la sopo: likafufuma, gasi alikutuluka. Kuyesa ndi macesi ndiko kuitana imfa. Lawi labwino la citofu ndi la buluu. Likakhala lacikasu ndi kucita mwaye, ndiye kuti lirikutulutsa mpweya wakupha wopanda fungo, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka nyengo yacisanu. Timabowo tolowetsa mphepo sitiyenera kutsekedwa konse.

Thanki ya madzi akumwa imakhuthulidwa ndi kutsukidwa ulendo ukatha, kuopa ndere. Batire laciwiri, lounikira m'nyumba, limafa msanga ngati lisiyidwa lopanda mphamvu kwa miyezi.

BUKU NDIYE MBONI

Wogulitsa ali yense amanena kuti galimoto yake ndi yabwino, ndipo wogula ali yense adziwa kuti mau alibe mtengo. Cimene cimathetsa mkangano ndi buku. Mwini amene analemba tsiku, makilomita ndi nchito iri yonse imene inacitika, nasunga malisiti a ku galaji, safunika kulumbira. Wogula amawerenga yekha pamene oilo anasinthidwa, pamene lamba wa mkati mwa injini anaikidwa watsopano, ndi pamene denga linamatidwa. Galimoto yopanda buku, wogula amaiyesa ngati kuti zonsezi sizinacitike, ndipo amatsitsa mtengo kuti akazilipire yekha.

Wogulitsa wanzeru amachula yekha zolakwika zimene adziwa. Wogula akapeza cilema cimodzi cobisidwa, amakayika galimoto yonse. Amatsuka galimotoyo, koma sapaka utoto pa dzimbiri. Amalola wogula kubwera ndi makanika wake, kuyatsa citofu, kutsegula mipopi ndi kukwawira kunsi. Wogula naye apemphe kuti injini ilizidwe iri yozizira m'mawa, pakuti injini yotenthedwa kale imabisa utsi ndi kuvuta kulira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

MAPEPALA A BOMA

Pali msampha wina umene munthu wa kuno angagweremo akakopeka ndi galimoto ya mlendo. Magalimoto ambiri a alendo amalowa m'dziko ndi cikalata cochedwa Carnet de Passages, kapena ndi cilolezo ca kanthawi ca pa malire monga pa Mwami. Mapepala amenewa ndi lonjezo lakuti galimotoyo idzatulukanso. Siingagulitsidwe m'Zambia msonkho wake usanalipiridwe ku Zambia Revenue Authority, bungwe limene linayamba nchito m'caka ca 1994. Wogula mwamseri angataye galimoto pamodzi ndi ndalama zake.

Ngati galimoto inalembedwa kale m'Zambia, wogula aone buku lake la umwini, limene anthu amalicha white book, ndipo afanizire manambala a injini ndi a casisi ndi amene alembedwamo. Kusintha dzina la mwini kumacitikira ku Road Transport and Safety Agency. Ndalama zisaperekedwe zonse mapepala asanaoneke, ndipo pangano lilembedwe pamaso pa mboni.

PHUNZIRO KWA A KUMIDZI

Mabanja ocepa a kumidzi ndiwo adzagula nyumba yoyenda, koma ambiri ali ndi njinga, ngolo, njinga yamoto, cigayo kapena galimoto yonyamula mbeu, zogulidwa ndi ndalama za thonje, fodya ndi nsawawa. Tsiku lina zimenezi zidzagulitsidwa, kapena cifukwa ca fizi ya sukulu, kapena matenda, kapena kufuna cina cacikulu. Lamulo lake ndi lomwelo: kusunga pa mthunzi posafika mvula, kuthira mafuta pa nthawi yake, kukonza cilema cikali cacing'ono, ndi kulemba zonse m'kabuku ka sukulu pamodzi ndi malisiti. Mlimi amene ayamba kabuku kotere pa tsiku logula, ndiye adzachula mtengo wake molimba mtima pa tsiku logulitsa.